Mafunso a Owerenga: Agogo anachita kuitanidwa ku Joni, nanga mdzukulu akubisaliranji?

FUNSO: Akonzi, ndine bambo wa ana atatu wochokera ku Ntcheu, ndipo ndimasamalira maluwa ndi kapinga m'nyumba za anthu kuno ku Johannesburg. Agogo anga aamuna anabwera ku Joni kudzera ku Wenela, anakwera ndege osalipira kanthu, ndipo anabwerera kumudzi ndi njinga, wailesi ndi ndalama zogulira malata. Ine ndinadzilipirira basi ndekha, masiku 30 amene anandidindira pa Beitbridge anatha kalekale, ndipo ndikaona galimoto ya apolisi mtima umathamanga. Pa wailesi amanena kuti masiku ano dziko lonse lapansi lalumikizana, malonda ndi ndalama zikuyenda momasuka. Ngati zili choncho, n'chifukwa chiyani ine ndikubisala mumzinda umene agogo anga anachita kuitanidwa? Kodi nthawi ya azungu inali yabwino kuposa ino? (Wowerenga wa ku Rosettenville)

YANKHO: Bambo, nthawi imeneyo sinali yabwino kuposa ino, ndipo kulumikizana kwa maiko kumene mukumva pa wailesi sikunayambe dzulo. Mudzi wa agogo anu ku Ntcheu unali utalumikizidwa kale ndi misika ya ku London iwo asanabadwe. Chimene ndikufuna muone n'chakuti kuyambira pachiyambi, mzinda uno wakhala ukufuna mphamvu za Mmalawi koma osafuna Mmalawi mwiniwakeyo, ndipo chimene chasintha pakati pa inu ndi agogo anu ndi njira yomusiyira kunja basi.

Golide atapezeka ku Witwatersrand m'chaka cha 1886, ndalama zokumbira migodi zinachokera kwa anthu olemera a ku London, Paris ndi Berlin. Koma golide wa kuno ali ndi vuto lake: ali pansi kwambiri, ndipo munthu amayenera kuphwanya miyala yochuluka kuti apeze kachidutswa kochepa. Komanso mtengo wake sunali m'manja mwa eni migodi, chifukwa golide ndiye anali maziko a ndalama za maiko, moti kuyambira 1934 mpaka kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970 mtengo wa boma unali madola 35 pa aunsi imodzi. Poti sakanatha kukweza mtengo wa chimene ankagulitsa, eni migodi anaona kuti phindu lawo lili pa kuchepetsa malipiro a wokumba. N'chifukwa chake anakhazikitsa bungwe limodzi lolembera anthu ntchito kunja kwa dzikoli, la Witwatersrand Native Labour Association, lomwe makolo athu ankalitcha Wenela, kuti migodi isamalimbirane anthu ndi kukweza malipiro. Anthu atasowa, anakafika mpaka ku China: pakati pa 1904 ndi 1910 anabweretsa amuna oposa 60,000 a kumeneko, ndipo ntchito yawo itatha anawabweza kwawo. Mchitidwe wotenga munthu kutali, kumugwiritsa ntchito ndi kumubweza ndi womwewo umene unadzagwera anthu a ku Nyasaland.

Kwathu nako kunali chowakankha. Atsamunda a ku Britain atalanda dziko mu 1891 anaika msonkho wa nyumba wolipira ndi ndalama, pamene anthu ambiri analibe kopezera ndalamazo. Ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu malo achonde anali atasanduka maesiteti a azungu, kumene munthu ankagwira thangata kuti aloledwe kukhala pa nthaka ya makolo ake. Malipiro a m'dziko anali ochepa kwambiri poyerekeza ndi a ku Salisbury kapena ku Joni, choncho amuna anayamba kuyenda. Anthu ochokera kumaiko otentha ankafa ochuluka ndi chibayo m'migodi, mpaka mu 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba anthu a kumpoto kwenikweni kwa Limpopo, kuphatikizapo a kwathu. Chiletsocho sichinaimitse ulendo. Amuna ankabwerabe wapansi paokha, aja ankatchedwa aselefu, akudutsa m'nkhalango za Mozambique ndi Rhodesia opanda chilolezo, ndipo pamenepa muone kuti Mmalawi wopanda mapepala ku Johannesburg si wa lero ayi. Chiletso chitachotsedwa m'zaka za m'ma 1930, komiti ya boma la Nyasaland ya mu 1935 inayerekeza kuti amuna pafupifupi 120,000 anali kunja kwa dziko, ndipo inadandaula za midzi imene munatsala amayi, ana ndi nkhalamba zokha. Ambiri mwa amunawo sanabwererenso. Ndiwo matchona amene pafupifupi banja lililonse la ku Mzimba, Nkhata Bay, Dedza kapena Ntcheu limakumbukira mmodzi.

Tsopano tione mmene agogo anu anakhalira atatsika ndege ija. Anasaina kontilakiti imene kuithawa unali mlandu wopita nawo kundende. Anagona m'komboni ya amuna okhaokha, ambiri m'chipinda chimodzi, pa mabedi a simenti. Sanaloledwe kubwera ndi agogo anu aakazi, sanaloledwe kugula malo kapena kukhazikika mumzinda, ndipo kutuluka kunja kunkafuna chitupa. Lamulo la migodi la mu 1911 linasungira azungu ntchito zaluso, moti munthu wakuda, ngakhale akanadziwa mgodi kuposa bwana wake, sankaloledwa kukhala ndi chiphaso chophulitsira miyala mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Gawo la malipiro awo linkasungidwa kuti akalandirire kumudzi, njira yotsimikizira kuti abwerere komanso yopezera boma la kwathu ndalama zakunja. Akatswiri a zachuma amene anafufuza malipiro a m'migodi ya golide anapeza kuti, poyerekeza ndi kukwera kwa mitengo ya zinthu, malipiro a munthu wakuda mu 1969 sanali oposa a mu 1911.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Mgodi unkalipira munthu ngati mbeta yopanda banja, chifukwa unkadziwa kuti kumudzi kuli mayi amene akulima, kulera ana amene adzakhale okumba a mawa, ndi kudzasamalira mwamuna akadzabwerako wolumala kapena akutsokomola. Zinali ngati munthu wobwereka ng'ombe ya pangolo, amene amaigwiritsa ntchito nyengo yonse yokolola, koma ikadwala amaibweza kwa mwini khola kuti akaidyetse ndi kuichiritsa yekha. Njinga ndi malata zija zinali zenizeni, ndipo sindikuzinyoza, pakuti mabanja ambiri anaphunzitsa ana ndi ndalama za ku Wenela. Koma amene analipira mtengo weniweni wa golide wa ku Johannesburg anali amayi a m'midzi yathu, ndipo palibe buku la malipiro limene linalemba maina awo. Si onse amene anavomereza zimenezi mwakachetechete: Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay anayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919, ndipo linakula n'kukhala bungwe lalikulu koposa la anthu akuda apantchito m'nthawi yake.

Khomo limene agogo anu analowera linatsekedwa pang'onopang'ono. Boma la Dr Kamuzu Banda linakhazikitsa ubale ndi boma la tsankho la South Africa mu 1967, ndipo pofika kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi m'migodi ya kuno anali oposa 100,000. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown ku Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, ndipo Dr Banda analetsa kulemba anthu. Pamene ntchitoyi inayambiranso mu 1977, kudzera ku Theba (TEBA), bungwe limene linalowa m'malo mwa Wenela, zinthu zinali zitasintha. Dziko la America linali litaleka kumangiriza dola yake ku golide mu 1971, mtengo wa golide unakwera kwambiri, malipiro a m'migodi anakwera, ndipo eni migodi anayamba kulemba nzika zambiri za South Africa zimene kale zinkakana ntchitoyo. Kenaka mu 1988 panabuka mkangano pa nkhani yoyeza Amalawi kachilombo ka HIV, ndipo m'zaka zochepa zotsatira anthu pafupifupi 13,000 anabwezedwa kumudzi. Migodi ya golide, imene inkalemba anthu oposa 500,000 m'ma 1980, lero imalemba anthu osafika ngakhale kotala la chiwerengero chimenecho. Palibe chimodzi mwa zigamulo zimenezi chimene anthu a ku Ntcheu anafunsidwapo maganizo.

Khomo likutsekeka kuno, kwathu zifukwa zochokera zinkachuluka. Kuyambira 1981 dziko la Malawi linayamba kutsatira ndondomeko za World Bank ndi IMF zochepetsa mphamvu za boma pa chuma, misika ya ADMARC inafooka, makampani a boma anagulitsidwa, ndipo kaunjika wochokera kunja anadzaza m'misika pamene mafakitale a nsalu ankavutika. Kwacha inasiyidwa kuti iziyendera msika mu 1994, ndipo yakhala ikugwetsedwa mphamvu kangapo, monga mu Novembala 2023 pamene inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Dziko lodalira fodya kuti lipeze ndalama zakunja, pamene dziko lapansi likulimbana ndi kusuta, silingathe kulemba ntchito achinyamata onse amene amamaliza sukulu chaka ndi chaka.

Choncho pa wailesi akunena zoona, koma theka lokha. Maiko a SADC anakhazikitsa msika wopanda misonkho yambiri mu 2008, ndipo thiraki yodzaza katundu wa ku Johannesburg imafika ku Blantyre movomerezeka. Ndalama zimene mumatumiza pa foni zimafika ku Ntcheu musanamalize kumwa tiyi. Koma pangano la SADC lofewetsa kayendedwe ka anthu, limene linasainidwa mu 2005, silinayambebe kugwira ntchito chifukwa maiko okwanira sanalivomereze. Lamulo la South Africa loona za anthu olowa m'dziko la mu 2002 linapangidwa kuti likope madokotala, mainjiniya ndi anthu a ndalama, ndipo wosamalira maluwa, wophika kapena wogulitsa m'sitolo ya ku Mayfair ndi Fordsburg alibe njira yapafupi yopezera chilolezo cha ntchito. Anthu a ku Zimbabwe ndi a ku Lesotho anapatsidwa zilolezo zapadera pa nthawi zosiyanasiyana, koma Amalawi sanapatsidwepo. Ntchito ilipo, mabwana amawafuna Amalawi mpaka kuwatamanda kuti ndi okhulupirika, koma chilolezo palibe. Zotsatira zake n'zofanana ndi za kale: kale komboni ndi kontilakiti ndizo zinkachepetsa malipiro, lero mantha a Lindela, malo osungirako alendo opanda mapepala asanabwezedwe kwawo, ndiwo akugwira ntchito imeneyo, pakuti munthu woopa kugwidwa savuta pa malipiro.

Pali nyumba ina pa 80 Albert Street ku Marshalltown imene imasonyeza bwino kuti mbiriyi ndi imodzi. M'zaka za m'ma 1950 inali ofesi ya zitupa, kumene amuna akuda ankaima pamzere kuti adindiridwe ngati akuloledwa kukhala mu Johannesburg kapena achoke. Pa 31 Ogasiti 2023 nyumba yomweyo, itasanduka malo ogona anthu osauka mazanamazana, inapsa n'kupha anthu 76, ndipo ena mwa iwo anali Amalawi. Anthu amagona m'nyumba zotere chifukwa wopanda mapepala sangasaine lendi yovomerezeka, sangatsegule akaunti ku banki mosavuta, ndipo sangakadandaule kupolisi.

Komabe simuli opanda ufulu, bambo. Khothi la zantchito la kuno linagamula mu 2008 kuti munthu wakunja wopanda chilolezo cha ntchito ndi wantchito ndithu pamaso pa lamulo, choncho angathe kukadandaula ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pantchito, akachotsedwa mopanda chilungamo. Gawo 27 la malamulo aakulu a dziko lino limati palibe munthu amene angakanizidwe chithandizo cha chipatala pa ngozi kapena matenda adzidzidzi. Dziwaninso kuti amene wapitirira masiku ake ndi masiku oposa 30 amaletsedwa kulowanso m'dziko kwa zaka zisanu akamatuluka, choncho musanakonze ulendo wa kumudzi funsani malangizo ku ofesi ya kazembe wa Malawi kapena ku mabungwe a zamalamulo othandiza anthu kwaulere, osati kwa anthu ogulitsa zidindo zabodza. Maganizo anga ndi akuti boma la Malawi, limene limasangalala ndi ndalama zimene inu mumatumiza, lili ndi udindo wokambirana ndi Pretoria za zilolezo za anthu ake monga mmene anachitira anzathu a ku Lesotho.

FUNSO: Akonzi, ndimagwira ntchito ya m'nyumba. Chimene chimandipweteka n'chakuti amene amatitcha makwerekwere ndi kutithamangitsa pa zipata za chipatala ndi anthu akuda anzathu, amene iwonso anazunzidwa ndi tsankho. Kodi aiwala msanga chotere? (Mayi wa ku Diepsloot)

YANKHO: Mayi, kupweteka kwanuko n'komveka, ndipo palibe mbiri imene ingalungamitse kumenya munthu kapena kutsekereza mayi woyembekezera pa chipata cha chipatala. Koma ndi bwino kudziwa kumene mkwiyowu ukuchokera, chifukwa anthu amenewa ndi ana a dongosolo lomwe lija limene linagwiritsa ntchito makolo athu. Lamulo la malo la mu 1913 linasiyira anthu akuda pafupifupi 7 peresenti ya nthaka ya dziko lawo, imene inadzakwezedwa kufika pafupifupi 13 peresenti mu 1936. Anthu a ku Sophiatown anayamba kusamutsidwa mokakamiza mu 1955. Mu 1970 boma linakhazikitsa lamulo lopanga munthu wakuda aliyense kukhala nzika ya kadera ka mtundu wake, monga Transkei kapena Venda, ndi cholinga chakuti mu Johannesburg akhale mlendo monga momwe analili Mmalawi.

Ufulu utabwera mu 1994 anthuwa anayembekezera kuti tsopano ndi nthawi yawo, koma ufuluwo unafika pa nthawi imene dzikoli linkatsegula misika yake ku maiko akunja. Misonkho ya katundu wolowa inatsitsidwa, mafakitale ambiri a zovala anatsekedwa, migodi inachotsa anthu, ndipo lero anthu oposa 30 pa 100 alionse ofuna ntchito sakuipeza. Mnyamata wa ku Alexandra amaona nyumba zazitali za Sandton tsidya lina la msewu wa M1, koma eni chumacho sangawafikire. Amene angamufikire ndi inu, amene mumatunga naye madzi pa mpopi umodzi. Zipolowe za mu Meyi 2008 zinayambira ku Alexandra komweko, ndipo mwa anthu 62 amene anaphedwa, 21 anali nzika za South Africa. Andale ena, pamodzi ndi magulu monga Operation Dudula, apeza kuti n'kosavuta kuloza mlendo kusiyana ndi kufotokoza chifukwa chimene chipatala chilibe mankhwala. Koma kalembera wa mu 2022 anapeza kuti obadwira kunja ndi pafupifupi 2.4 miliyoni mwa anthu 62 miliyoni, Amalawi ali pafupifupi 200,000. Ngakhale kalemberayo akanaphonya ambiri, chiwerengerochi sichingafotokoze kusowa kwa ntchito kwa anthu mamiliyoni.

Ena amatikumbutsa kuti boma lathu linkadya limodzi ndi boma la tsankho pamene maiko ena ankasunga omenyera ufulu wawo. Zimenezo n'zoona, koma si wantchito wa m'nyumba wa ku Diepsloot amene anapanga chisankho chimenecho. Ifenso tisadziyeretse kwambiri. Dziko la Malawi linasunga anthu pafupifupi miliyoni imodzi othawa nkhondo ku Mozambique, chinthu choyenera kunyadira, koma mu 2023 apolisi athu anagwira anthu a ku Burundi, Rwanda ndi Congo amene ankachita malonda m'matauni n'kuwabwezera ku Dzaleka, ndipo mawu amene ankanenedwa m'misika ya ku Lilongwe, akuti alendo akutilanda malonda, ndi omwewo amene inu mumamva kuno.

FUNSO: Bambo anga anagwira ntchito m'migodi ya golide kudzera ku Theba m'ma 1980. Pano ali kumudzi ku Mzimba, amapuma movutikira ndipo anadwalapo TB kawiri. Ndamva kuti pali ndalama za chipepeso. Kodi Amalawi zikuwakhudza? (Wowerenga wa ku Cosmo City)

YANKHO: Achimwene, zikuwakhudza, chifukwa chipepesochi sichiyang'ana dziko limene munthu anachokera koma mgodi umene anagwirako ndi nthawi yake. Anthu amene anadwala matenda a fumbi la m'migodi otchedwa silicosis ndi chifuwa chachikulu anasumira makampani a golide, ndipo mu 2019 khothi lalikulu la ku Johannesburg linavomereza mgwirizano wa ndalama zokwana 5 biliyoni randi. Makampani ake ndi African Rainbow Minerals, Anglo American, AngloGold Ashanti, Gold Fields, Harmony ndi Sibanye-Stillwater, ndipo ndalamazo zimaperekedwa kudzera ku bungwe la Tshiamiso Trust kwa anthu amene anagwira ntchito ya pafumbi m'migodi yawo pakati pa 12 Malichi 1965 ndi 10 Disembala 2019. Ngati wokumbayo anamwalira ndi matendawa, mkazi wake kapena ana ake angathe kupempha.

Choyamba n'kusonkhanitsa umboni wakuti bambo anagwiradi ntchito: khadi la ku Theba, nambala yawo ya ku mgodi, pasipoti yakale, mapepala a malipiro, ndi makadi a kuchipatala osonyeza pamene anadwala TB. Ngati zina zinatayika, musataye mtima, chifukwa bungwe la TEBA linasunga kaundula wa anthu ambiri amene linawalemba. Bambo adzafunika kuyezedwa mapapo kuti madokotala atsimikize mtundu ndi kukula kwa matendawo, pakuti ndalama zimasiyana malinga ndi mmene munthu anavulalira, ndipo si aliyense wopempha amene amalandira. Popeza inu muli kuno, mungathenso kufunsa ku Medical Bureau for Occupational Diseases ku Braamfontein, ofesi ya boma imene imaona za chipepeso china cha matenda a m'migodi pansi pa lamulo la mu 1973.

Kupempha ku Tshiamiso Trust n'kwaulere, choncho musapereke ndalama kapena mapepala enieni a bambo kwa munthu amene akuyendayenda m'midzi n'kumati akulemba maina. Bungweli linapatsidwa zaka zowerengeka zogwirira ntchito yake, ndipo silicosis ndi matenda osachiritsika amene amakula ndi nthawi, motero yambani kusonkhanitsa mapepalawo mwezi uno, ndipo auzeni a kumudzi kuti apite nawo bambo ku chipatala cha boma akajambulidwe pachifuwa.